Lole ya Che Saidi

Tamanda mwana wanga,

Ndikulemba kalatayi pakhonde masana ano, iwe utapita kutauni kukamangitsa tsitsi. Ndiibisa m'thumba la m'mbali mwa chikwama chako, ndipo mawa ndikuuza kuti usaitsegule mpaka basi itawoloka mlatho wa ku Liwonde. Umandidziwa ine, pakamwa ndimangokalipa, koma ndikagwira cholembera ndimalankhula ngati munthu. Ndili ndi nkhani zinayi zoti ndikuuze. Zitatu useka nazo, seka ndithu. Yachinayiyo sindinauzepo aliyense wa m'banja mwathu, ngakhale malemu bambo ako anapita osaidziwa, ndipo ndikuopa kuti ukaiwerenga sudzandionanso monga umandionera lero.

Dzulo azakhali ako atamva za ntchito yakoyi anagwira pakamwa. "Ndiye zaka zinayi zonse za ku koleji zija n'zoti uzikanunkhiza oyilo wakuda ku Kitwe?" Iwe unangoseka. Koma ine ntchitoyo ndimaidziwa kuposa mmene ukuganizira. Timabotolo ta oyilo wotsitsidwa m'makina a kumigodi tizibwera ku labu yanuyo, anzako azipima kuti muli chitsulo chochuluka bwanji, mkuwa, fumbi, madzi. Iwe uzisunga manambalawo mu kompyuta, n'kumauza eni makinawo kuti awa aimitseni, awa apitirize. N'chimodzimodzi kuyeza magazi kuchipatala, kungoti wodwala wako salankhula. Ine ndinali kumbali ina ya ntchito yomweyo. Unkadziwa kuti mayi ako anali kalaliki wa wekishopu pa kampani yodula mitengo ya paini paphiripa, ija inatsekedwa uli Sitandade 8. Koma sunkadziwa kuti mwezi uliwonse ndinkatumiza timabotolo tomweto ku labu ya kutali, malipoti n'kubwera pa positi patatha milungu itatu, ine n'kukopera manambala pa makhadi. Lole iliyonse, thalakitala iliyonse, inali ndi khadi lake m'bokosi langa. Choncho usandiuze kuti tsobola wakale sawawa. Kompyuta yakoyo ndi bokosi langa lomwe lija, langovala tayi.

Ndiyambe ndi mwezi wanga woyamba. Pa fomu yoperekeza kabotolo panali malo olembapo maola amene oyiloyo wagwira ntchito. Thalakitala ina yokokera mitengo inali ndi mita yakufa, ndipo makaniko anabwera ndi kabotolo koma opanda maola. Ine kamtsikana ka ku Mbedza, ndili ndi diresi yatsopano ndi satifiketi ya kutaipa, ndinaona kuti malo osalembapo akuipitsa fomu yanga. Ndinayang'ana mwezi wapitawo, ndinapeka nambala yoyandikira, ndinalemba mokongola. Sindinadziwe kuti oyiloyo anali atakhalamo miyezi itatu osasinthidwa. A ku labu ataona chitsulo chambiri pa maola ochepa anga aja analemba kuti injini ikudzidya. Amakaniko atatu anaimasula sabata yathunthu, mvula ikugwa, n'kupeza injini ili bwinobwino. A Makwinja, folomani wathu, anabwera patebulo panga manja ali bii. "Achemwali, maolawa munawatenga kuti?" Ine kuti, "Ndinangoyerekeza." Iwo anati, "Mukayerekeze kwanu pothira mchere m'ndiwo. Kuno ngati simukudziwa, lembani kuti sindikudziwa." Ndinakalira kuseri kwa migolo. Tamanda, malo opanda kanthu si manyazi. Kompyuta ikakukakamiza kuti ulembepo nambala, dzuka ukafunse. Ukalephera kupeza yankho, lemba kuti palibe, ndipo ulembe chifukwa chake.

Unganene kuti ndinaphunzira. Ayi, mutu uwu ndi wouma, iwenso unatengera pomwepa. Chaka chotsatira, mwezi wa Okutobala, kunabwera lipoti la thalakitala ina. Nambala ya fumbi, imene miyezi yonse inkakhala yaing'ono, inali ndi ziro wowonjezera kumapeto. Ndinati ameneyu ndi wotaipa mnzanga wa ku labu, chala chamuterera, bwanji ndimubisire manyazi. Ndinakopera pa khadi popanda ziroyo, n'kudziona wochenjera. Chonsecho paipi yochokera ku sefa ya mpweya inali itang'ambika kunsi, kosaoneka, ndipo injiniyo inkameza fumbi la chilimwe tsiku ndi tsiku m'misewu ya m'nkhalango. Pofika Khirisimasi inkafuka utsi ngati ng'anjo ya njerwa. Nambala yachilendo usamaikonze, mwana wanga. Ntchito yako yonse ndi kudikirira nambala yachilendoyo. Zina zonse zofanana ndi za mwezi wathazo ngakhale mbuzi ingakopere. Ukaona kuti yalakwikadi, imba foni, uwauze apimenso. Ndipo ngati pali choti usinthe, chakalecho chizioneka, dzina lako ndi tsiku zikhale pambali pake. Usafute.

Yachitatu ndi ya kompyuta yomweyi. Inabwera ku wekishopu uli ku nasale. Ndinatha miyezi inayi ndikulowetsamo makhadi onse ndi zala ziwiri. Nditamaliza ndinanyada, ndinauza a Makwinja kuti bokosi lija akhoza kuikamo misomali. Iwo anangoti, "Lisiyeni kaye pamwamba pa kabati." Ukudziwa chifunga cha paphiri m'mwezi wa Juni, chija chimalowa mpaka m'bulangete. Chinalowa mu kompyuta. Tsiku lina m'mawa inangolira ngati mwanapiye n'kuzima, osadzukanso. Mbiri ya makina onse inatsala m'bokosi lija ndinkafuna kutaya, ndipo a Makwinja sanandiseke, zimene zinandiwawa kuposa kusekedwa. Udzandiuza kuti masiku ano zonse zimasungidwa pa intaneti. Chabwino. Koma ukafika, sabata yoyamba, ufunse kuti zimasungidwa pati ndi pati, ndipo ndani anayesapo kuzibweza zitatayika. Akakuyankha kuti "sizingatayike," udziwe kuti palibe anayesapo.

Ndiikepo izi ndisanaiwale. Juzi yobiriwira ndaiika pansi, usaitulutse ati yakale, kumeneko kumazizira m'mawa. Upeze mpingo mwezi woyamba, osati wachitatu. Amuna a kumigodi ali ndi malipiro ndi pakamwa pokoma, zonse ziwiri zimatha pa 15. Ndipo amakaniko uziwapatsa ulemu. Munthu amene wagona pansi pa makina kukutungira oyiloyo amadziwa zimene kompyuta yako sidziwa. Uziwaimbira, uziwafunsa kuti mwawonjezera oyilo watsopano kangati, mwasintha chiyani. Ukapeza mpata upite ukawaone makinawo ndi maso, uwagwire. Ine ndinakhala zaka zambiri mamita makumi awiri okha kuchokera pomwe malole ankaima, koma ndinkawadziwa pa khadi pokha.

Tsopano yachinayi. Ndadzuka kawiri, ndakathirira maluwa osafuna madzi, ndabwerera.

Che Saidi umawadziwa. Bambo a ndodo aja amakhala pansi pa mtengo pamsewu wokwera kuphiri, ndi timbale ta mabulosi ndi masitoloberi. Uli wamng'ono ankakudzazira m'manja osalola kuti ndilipire, ukubwerera kunyumba milomo ili psuu. Unandifunsapo kuti mwendo wawo unatani, ndinakuyankha kuti inali ngozi ya galimoto. Sindinaname, koma sindinanene zonse.

Che Saidi anali dalaivala wathu, wodekha kuposa onse. Malole otsitsa mitengo kuchokera paphiri kupita kumacheka anali ndi manambala olembedwa ndi penti pachitseko, koma panalibe munthu ankawatchula ndi manambala. Tinkati lole ya Che Saidi, lole ya a Lifa, lole ya uje. Dalaivala ankakhala ndi lole imodzi zaka ndi zaka, ankaitsuka yekha, ankaidziwa kulira kwake. Amakaniko akatunga oyilo ankalemba dzina la dalaivala pa kabotolo, poti ndi mmene aliyense ankalankhulira. Inenso pamwamba pa makhadi anga ndinalemba mayina ndi zilembo zazikulu, nambala ya lole n'kuiika pakona. Kabotolo kakafika kolembedwa "Saidi," ndinkatulutsa khadi la Saidi, kuona pakona kuti Nambala 7, n'kulemba 7 pa fomu yopita ku labu. Zinkayenda bwino chomwecho kwa zaka.

Chaka chimene ndinali ndi pakati pa iwe, Che Saidi anapita kwawo ku Machinga kukadwazika mayi awo, anakhalako milungu iwiri. Lole yawo, Nambala 7, anaipatsa a Lifa, chifukwa inali yabwinopo kuposa Nambala 4 imene a Lifa ankayendetsa. Che Saidi atabwerera, a Lifa anakana kuibweza, ndipo Che Saidi, osakonda mkangano, anangokwera Nambala 4. Pabwalo aliyense ankadziwa zimenezi. Ine mu ofesi, miyendo itatupa, sindinadziwe, ndipo sindinafunse.

Nambala 4 inali ikudwala kale. Miyezi inayi yotsatizana chitsulo mu oyilo wa giyabokosi yake chinkakwera pang'onopang'ono, ndipo tinkaiyang'anira. Mwezi umenewo timabotolo tinabwera monga mwa masiku onse. Kolembedwa "Saidi" kanali ndi oyilo wa Nambala 4, koma ine ndinalemba 7. Kolembedwa "Lifa" kanali ndi oyilo wa Nambala 7, ine ndinalemba 4. A ku labu anagwira ntchito yawo molondola. Sanadikire n'komwe positi, anaimba foni: Nambala 7 iime lero lomwe, giyabokosi yatsala pang'ono kusweka. Ndinathamanga ndi mimba yangayo kukauza a Makwinja. Iwo anayenda pabwalo kuwerenga zitseko, anapeza yolembedwa 7, anaitsitsa a Lifa, anailowetsa mkati. Anatsegula giyabokosi, yoyera ngati yatsopano. "Anthu a ku labuwa amwa chani?" anatero, ndipo tonse tinaseka.

Lipoti la Nambala 4 litafika, chitsulo chija chinali chitatsika mpaka pansi. Ndinasangalala, Tamanda. Ndikukumbukira mawu anga enieni. Ndinati, "A Makwinja, Nambala 4 yachira." Lole imodzi yodwala yachira mwadzidzidzi, ina yabwino yadwala mwadzidzidzi, mwezi umodzi womwewo, makhadi awiriwo ali moyandikana patebulo panga, ine osaona kanthu. Makina sachira okha. Ulembe mawu amenewa penapake pomwe uziwaona tsiku lililonse. Nkhani yoipa imadzifufuzitsa yokha, aliyense amathamanga nayo. Yabwino ndi imene imapha, chifukwa palibe amaifunsa kuti wachokera kuti.

Patatha masiku asanu ndi anayi, Che Saidi ankatsika phiri atasenza mitengo yodzaza. Lole yolemera potsika imagwiridwa ndi giya, mabuleki amangothandiza. Pamwamba pa khona lalikulu lija giyabokosi inasweka, lole inamasuka. Mabuleki anatentha n'kuleka kugwira. Kutsogolo kunali amayi osenza nkhuni ndi ogulitsa zipatso m'mbali mwa msewu. Che Saidi anakhotetsera lole kukhoma la phiri mwadala. Palibe wina anavulala. Iwo anawatulutsa patatha maola awiri, mwendo wakumanja utaphwanyika.

Akuluakulu a kampani anabwera kudzafufuza. Anati lipoti la labu likusonyeza kuti giyabokosi ya Nambala 4 inali yabwino sabata yathayo, ndiye kuti dalaivala ndi amene anachotsa giya dala kuti lole itsike yokha, apulumutse dizilo wokagulitsa, ndipo poibwezera giya mothamanga ndi pamene anaswa zonse. Madalaivala ena ankachitadi zimenezo, choncho aliyense anakhulupirira. Che Saidi anachotsedwa ntchito ali m'chipatala, ndi dzina la wakuba.

Ine ndinazindikira patatha sabata imodzi. Ndinamva makaniko wina akunena kuti a Lifa anachita mwayi posinthana nawo lole. Ndinamufunsa kuti anasinthana liti. Atandiuza ndinabwerera patebulo, ndinaika makhadi awiri aja pamodzi, ndipo ndinaona zimene ndinachita. Ndikanadzuka nthawi yomweyo kupita kwa a Makwinja. Koma bambo ako anali asali pa ntchito, iwe unali utatsala miyezi iwiri kubadwa, ndipo ndinaona mmene akuluakulu aja ankafunira munthu woti amuloze chala. Ndinatenga makhadi atsopano, ndinakopera zonse ndi manambala a malole pamwamba, opanda dzina la munthu, zotsatira za mwezi uja n'kuzisiya mmene ndinazilakwitsira. Akalewo ndinawaponya mu mbaula ya alonda. Kuyambira pamenepo ndinalamula kuti kabotolo kopanda nambala ya lole sindilandira. A Makwinja anandiyamikira pamaso pa anthu kuti ndabweretsa dongosolo.

Zaka makumi awiri ndi zinayi ndadutsa pa mtengo uja. "Mayi a Tamanda, mwadzuka bwanji? Tengani awa, apsa bwino." Ine n'kumatenga. Ndakhala mlembi wa chigwirizano cha amayi kutchalitchi, ndalangiza atsikana za chilungamo, ndakukwapula iwe chifukwa chonama za shuga. Ndinkadziuza kuti kampani inatha, a Makwinja anamwalira, kunena lero kungathandize ndani. Koma mlandu suola. Tsiku limene unabwera ndi kalata ya ntchito yako, ukuvina pabwalo pano, n'kundifotokozera za timabotolo ngati chinthu chachilendo, ndinadziwa kuti sindingakulangize za kusunga manambala a anthu ine ndikusunga bodza ili.

Choncho m'mawa uno, uja ndinakuuza kuti ndikupita kumsika, ndinakwera kabaza mpaka pa mtengo uja. Ndinakhala pamwala pambali pawo. Ndinawauza zonse monga ndakuuzira iwe, makhadi, foni, mbaula. Anamvetsera akusanja mabulosi m'timbale, osandiyang'ana. Galimoto ina inaima, anagulitsa, anabweza chenji, anakhalanso pansi. Kenako anati, "Mayi, ine ndinkadziwa kuti sindinachotse giya. Chimene sindinkadziwa n'chakuti pali munthu wina padziko pano amene ankadziwanso."

Ndinati, "Ndikhululukireni, Che Saidi."

Anati, "Mwendowu ndinazolowera, ndi wa Mulungu. Koma mwana wanga woyamba, Jafali, anakula akumuseka kuti mwana wa wakuba dizilo. Mpaka lero tikakangana amandiponyera mawu amenewo. Mayi ake anamwalira osatsimikiza kuti sindinabe. Inu mwandiuza ine pamsewu pano, popanda mboni. Zandithandiza chani? Ine ndimadziwa kale."

Ndinali nditapita ndi mtima woti andikalipire kapena andikhululukire, zonse zithere pomwepo, ndibwerere kunyumba wopepuka kudzakuphikira nkhuku. Ngakhale pamenepo ndinkadziganizira ndekha. Ndinawafunsa kuti ndichite chiyani. Anati, "Lachisanu tikaweruka kumzikiti, bwerani kwathu ku Mtiya. Ndiitana ana onse, ndi a Lifa, akadali moyo, ndi akuluakulu awiri atatu. Mudzanene pamenepo zimene mwanena panozi, ndi pakamwa panu. Za kukhululukazo tidzaziona mukatha kulankhula." Ndinavomera. Lero sanandipatse mabulosi, ndipo anachita bwino.

Ndiye mwana wanga, tamvera. Kumene ukupitako makina ndi aakulu kuposa nyumba yathuyi, ndipo m'kati mwa alionse mwakhala munthu amene sudzamuona nkhope. Kabotolo kalikonse kakafika, usakhulupirire dzina limene anthu amatchulira makinawo, kaya ndi la dalaivala, kaya la malo amene amagwirako ntchito. Funa nambala yokhomedwa pa chitsulo chenichenicho. Giyabokosi ikachotsedwa m'makina ena n'kuikidwa mwa ena, mbiri yake isamuke nayo. Zotsatira zikasintha mwadzidzidzi, zikome kapena ziipe, uyambe wafunsa ngati oyiloyo wachokeradi kumene pepala likunena. Ndikubwerezanso, makina sachira okha.

Koma ndikudziwa kuti ngakhale usamale bwanji, tsiku lina udzalakwitsa. Aliyense wogwira manambala amalakwitsa. Kusokoneza timabotolo tiwiri tija kunali kulakwitsa kwa kalaliki wotopa, ndipo mwina Mulungu anandikhululukira kalekale. Chimene chandidya zaka zonsezi ndi mbaula ija. Tsiku lako likadzafika, pamene udzayang'ana pa kompyuta n'kuona kulakwitsa kwako, udzuke nthawi yomweyo miyendo isanayambe kuganiza. Upite kwa bwana wako, unene kuti ndine. Akakuchotsa ntchito, bwera kunyumba, chipinda chako sindibwereketsa, tidzalima limodzi. Ndikanakonda kukhala ndi mwana wopanda ntchito kusiyana ndi mwana wodutsa pa mtengo wa munthu zaka makumi awiri akulandira zipatso.

Nkhaniyi ikamveka Lachisanu, Loweruka idzakhala itafika ku Mbedza konse, Lamulungu kutchalitchi. Azakhali ako adzakuimbira asanamalize n'kumva komwe. N'chifukwa chake ndafuna uimve kwa ine poyamba. Ndikanatha kukuuza pamaso usikuuno, koma ndine wamantha, waona kale, ndipo ndafuna kuti mawa pa depoti undikumbatire komaliza usanadziwe. Undikhululukire kuba kumeneko.

Lachisanu udzakhala uli tsiku lachiwiri pa ntchito. Cha m'ma 2 koloko masana, ukadzakhala patebulo pako, ine ndidzakhala nditaima pabwalo la Che Saidi, ndipo sindikudziwa ngati adzandipatsa mpando. Undipempherere ngati ungathe. Madzulo ake foni ndidzaisiya yoyatsa, pafupi. Ukaimba ndidzayankha. Ukapanda kuimba ndidzamvetsa, ndipo ndidzaisiyanso yoyatsa Loweruka.

Yenda bwino, Mulungu akutsogolere.

Ndine mayi ako.